Ndemanga: kukayenda ndi banja kumsika wa pa Boma ku Mangochi, nyenyezi 4 mwa 5

Alendo ambiri amangodutsa pa Boma liwiro la mtondo wadooka, mtima uli kale ku Nkopola, ku Makawa kapena ku Monkey Bay. Amaima pang'ono kuthira mafuta, kugula madzi ndi buledi m'sitolo, basi ulendo. Potero amaphonya zambiri. Msika wa pa Boma, pamodzi ndi mlatho ndi chipilala cha wotchi zomwe zili m'tauni momwemo, ndi wokwanira kudzaza m'mawa wathunthu wa banja. Koma umakoma kwa munthu amene wasunga nthawi ndiponso wadziwa chogula poyamba ndi chogula pomaliza. Wofika 11 koloko mu Okutobala, ana ali ndi njala, nsomba atagula kale zili m'galimoto yotentha, adzabwerako akudandaula.

Nthawi yabwino ndi kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9. Kuno nkotsika, ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala likangokwera, pansi pa malata pamakhala ngati mu uvuni. M'mawa masamba amakhala asanafote, nsomba zisanatenthedwe, ntchentche zisanachuluke, ndipo ogulitsa amakhala ndi mpata wocheza nanu. Lachisanu musamale: anthu ambiri kuno ndi Asilamu, choncho cha m'ma 12 koloko mabenchi ndi mashopu ena amatsekedwa, eni ake ali ku mzikiti. M'mwezi wa Ramadan zakudya zophikaphika zimachepa masana nkudzachuluka dzuwa likamalowa, nthawi ya futali.

Choyamba kugula ndi basiketi ya mlaza. Mangochi ndi kwawo kwa migwalangwa, ndipo zoluka zake, mikeka, zipewa, mabasiketi ndi timphasa ta patebulo, zimapezeka pamsika komanso m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Posankha, pindani pang'ono m'mphepete mwa basiketiyo. Mlaza wabwino umagonja nkubwerera. Wouma mopitirira umalira nkuthetheka. Yang'ananinso pamene chogwirira chalumikizana ndi thupi la basiketi, chifukwa mpomwe pamayambira kumasuka mukaikamo katundu wolemera. Mugulirenso mwana aliyense chipewa, adzachifuna pa mlatho.

Kenako zouma ndi zipatso. Malambe gwedezani pafupi ndi khutu: akamachita phokoso m'kati ndiye kuti auma bwino, ndipo chigoba chisakhale ndi ming'alu kapena timabowo ta tizilombo. Mango amachuluka kuyambira Novembala mpaka Januwale, masau m'nyengo yozizira. Zambiri zimagulitsidwa pa mulu kapena pa chigoba, osati pa sikelo, ndiye yerekezani milu ya mabenchi atatu musanatulutse ndalama. Kunenerera nkololedwa, koma mwaulemu. Mayi amene wakhala pa dzuwa ndi tomato wake kuyambira m'bandakucha musamufinye mpaka kumulanda phindu. Ndi bwino kugula milu itatu nkupempha basela. Moni wa Chiyao umathandiza kuposa kukakamira mtengo. Mukati "Ajimwiche uli?" m'mawa, nkumaliza ndi "Sikomo", nkhope ya wogulitsa imamasuka, ndipo ana anu aphunzirapo kanthu.

Nsomba ndiye mtima wa msikawu, ndipo zigulidwe pomalizira penipeni. Tauniyi ili m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe, choncho mumapeza chambo, kampango, mcheni, mlamba, utaka, usipa ndi kambuzi, zaziwisi, zowamba ndi zouma. Chambo chachiwisi chiyeseni motere. Diso likhale lowala ndi lotukuka, osati lolowa m'kati kapena lotuwa. Tsegulani m'makutu mwake, mmene chimapumira: mukhale mofiira bwino, mukakhala motumbuluka kapena mwa mamina onunkha, chisiyeni. Dinani ndi chala pamsana, mnofu ubwerere msanga osasiya dzenje. Mimba ikakhala yofewa kapena yotupa ndiye kuti matumbo ayamba kuwonongeka. Kuthira madzi pamwamba kumachititsa nsomba kunyezimira ngakhale itagona, ndiye musakhulupirire kuwala kwa mamba kokha. Dziwaninso kuti si nsomba iliyonse yooneka ngati chambo imene ili chambo. Makumba amafanana nacho, ndi okoma ndithu, koma funsani dzina la nsombayo musanamve mtengo kuti mulipire zoyenera.

Usipa uli mitundumitundu: wofutsa, wouma ndi dzuwa, wokazinga. Tapani pansi pa chigoba, osati pamwamba pokha, chifukwa zoduka mitu ndi mchenga zimatsikira pansi. Tafunani kamodzi. Ukamalira mchenga m'mano, unayanikidwa pansi osati pa thandala, ndipo ngakhale muutsuke katatu mchengawo sutheratu. Wowawa kwambiri kapena wonunkha chinyezi sunaume bwino, ndipo ukachita nkhungu m'masiku ochepa. Zowamba monga mlamba ndi kampango zitembenuzeni muone m'mimba ndi m'mutu ngati mulibe mphutsi kapena ufa wa tizilombo.

Mtengo wa nsomba umatsata nyanja. Mwera ukamaomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, asodzi ambiri salowa m'madzi ndipo nsomba zimakwera. Mwezi ukakhala wathunthu usipa umachepa, chifukwa amaugwira usiku pouitana ndi nyali, ndipo kuwala kwa mwezi kumaposa nyalizo. Kumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Tikupemphani ndi mtima wonse, mukaona tiana ta chambo, timene amati kasawala, tili pa mulu, musagule ngakhale titchipe bwanji. Chambo chachepa kale kwambiri ku Malombe ndi kummwera kwa nyanja, ndipo wogula tianato ndi amene amatumiza khoka kukatikokolola.

Pa kasungidwe mpamene mabanja ambiri amaluzira ndalama. Ngati mukubwerera ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba, ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, ndipo nsomba yaiwisi m'jumbo singapirire. Pemphani kuti akupalireni mamba ndi kutumbula pomwepo, mutsuke ndi madzi a m'botolo, ndipo muike m'bokosi losunga kuzizira: ayezi pansi, nsomba, ayezi pamwamba, kilogalamu imodzi ya ayezi pa kilogalamu imodzi ya nsomba. Madzi osungunuka muzikhuthula, nsomba isamire. Bokosilo lisakhale pamene dzuwa likumenya. Zouma musazimange m'pulasitiki, zimachita thukuta. Katoni kapena basiketi yoyala pepala ndi zabwino.

Masitolo akuluakulu a m'tauni ali ndi ntchito yawo: madzi ozizira, mkaka, matewera a ana, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi mthunzi wopumirapo. Koma si malo oti banja lingatheremo ola lathunthu likusangalala ngati m'mamolo a ku Lilongwe. Lowani, gulani, tulukani.

Musanagule nsombazo, pitani ndi ana ku chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pamenepo pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Angerezi ya Gwendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja ya Malawi, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwana wa sitandade 6 amene wangomva dzina la Fort Johnston m'kalasi amaima pamenepo nkuzindikira kuti ndi tauni yomwe ino. Pa mlatho mumaona Shire atatambalala, mabwato akuwoloka, njinga zitasenza makala ndi matumba kuchokera mbali ya ku Namwera. Agwireni dzanja ana, njinga zamoto zimadutsa mothamanga. Kumadzi asatsikire: mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odekha a m'mabango muli likodzo.

Nyenyezi imodzi tachotsa pa zifukwa izi. Malo okhala pansi pa mthunzi ndi osowa, moti agogo ndi amayi oyembekezera amatopa msanga. Tinjira ta pakati pa mabenchi ndi topanikiza, ndipo nthawi ya dzinja timachita matope; mwana wamng'ono m'berekeni, ngolo ya mwana siyenda. Za chimbudzi konzekeranitu, ana apite asananyamuke kumene mwagona, ndipo m'chikwama mukhale sopo ndi tishu. Pa chiwaya pali tchipisi ndi kanyenya, nyama zambiri ndi za halaal, koma idyani zimene zaphulidwa muli pomwepo. Nyengo ya mvula, pamene kolera imavuta m'maboma a m'mbali mwa nyanja, masaladi aawisi ndi mafilizesi osadziwika kumene apangidwa asiyeni.

Tengani ndalama zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1,000, chifukwa m'mawa chenji chimavuta. Airtel Money ndi Mpamba ena amalandira, koma ambiri amapempha kuti muwonjezere yotapira, ndiye gwirizanani musanatumize. Munthu aliyense akhale ndi botolo lake la madzi la lita imodzi. Wa kabaza mugwirizane naye mtengo musanakwere, ndipo ngati muli ndi bokosi la nsomba, mumuuziretu kuti amangirire ndi mphira ziwiri.