Kalesitilanti kabwino kwa ovutika kutafuna, pa Dedza boma

Amene muli ndi odwala myasthenia gravis (matenda ofooketsa minofu), kayeseni kalesitilanti kena chakufupi ndi depoti pa Dedza boma. Mayi anga matendawa amawafooketsa nsagwada, akatafuna pang'ono basi atopa, madzulo zikope zimachita kugwa zokha, nde kanyenya ndi chipisi tinasiya kalekale. Pamenepa ukangofotokoza amakupatsa nsima yofewa, mbatatesi yophwanyaphwanya, nyemba zamsuzi wambiri ndi mazira. Sathamangitsanso munthu, mayi amayamba amwa kaye mankhwala awo a matendawa otchedwa pyridostigmine nkudikira kaye theka la ola kuti agwire, achemwali ogulitsa aja amangoti "khalani amayi, palibe changu." Chondinyansa ndi masitepe apakhomo, ataliatali opanda pogwira, miyendo ikafooka timachita kuwagwirizira awiri. Pitani chakum'mawa mphamvu zikadalipo, masana pamadzaza anthu a minibasi mpando osaupeza.