Pulogalamu ya Kodi pa laputopu yakale: zimene ndaona chaka chonse ili pabalaza

Kwa zaka zambiri mavidiyo a banja lathu anali omwazikana. Vidiyo ya ukwati wathu inali pa DVD imene inayamba kudumphadumpha chifukwa chokalika, ya chinkhoswe cha mlongo wanga inali pa fulashi imene inkayenda nyumba ndi nyumba, ndipo nyimbo za kwaya ya kumpingo kwathu zinali m'mafoni a anthu atatu, aliyense ali ndi gawo lake. Alendo akabwera n'kupempha kuti aonere, nthawi inkatha tikusakasaka, mwinanso osapeza n'komwe chimene akufunacho. Chaka chatha ndinasonkhanitsa zonsezi pa hadi disiki imodzi, ndinatulutsa laputopu yakale imene inangokhala m'kabati, ndinaikamo pulogalamu yosanja ndi kuonetsa mavidiyo, nyimbo ndi zithunzi yotchedwa Kodi, kenako ndinailumikiza ku TV ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona kuchokera tsiku limenelo.

Dzina lake limatisokoneza ife olankhula Chichewa, chifukwa ndi lofanana ndendende ndi mawu amene timayambira funso, moti polemba ndiyenera kumati “pulogalamu ya Kodi” kuti wowerenga asaganize kuti ndikumufunsa kanthu. Dzinali linabwera mochedwa. Ntchito yake inayamba mu 2002 monga pulogalamu yoonetsera mavidiyo pa makina oyambirira a masewera a Xbox, kwa zaka zambiri inadziwika ndi dzina la XBMC, ndipo inatchedwa Kodi mu 2014, itasiya kale kudalira makina aja. Oilemba ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo amaitulutsa motsatira chilolezo cha GPL, chimene chimapatsa aliyense ufulu woitenga, kuigwiritsa ntchito, kuona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena, malinga ngati pogawa zimene wasinthazo akupereka ufulu womwewo kwa anzake. Siifuna ndalama ya pamwezi, siifuna kutsegula akaunti, ndipo siikusokoneza ndi zotsatsa malonda.

Munthu angafunse chifukwa chovutikira ndi zonsezi pamene VLC, pulogalamu ina yoonetsera mavidiyo, ilipo, ndipo ambiri a ife tili nayo kale m'mafoni ndi m'makompyuta. VLC ndimailemekeza kwambiri, chifukwa fayilo imene mapulogalamu ena aikana, iyo kawirikawiri imaitsegula. Koma VLC inapangidwira munthu amene wakhala patsogolo pa kompyuta yake ndipo akudziwa foda imene fayilo yake ili. Pulogalamu ya Kodi inapangidwira munthu amene wakhala pampando chapatali ndi TV, rimoti ili m'manja. Zilembo zake ndi zazikulu, zonse zimayenda ndi mabatani opita m'mwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja, ndipo m'malo mwa mndandanda wa mayina a mafayilo, woonera amaona zithunzi zokhala ngati zikuto za ma DVD zitandandalikidwa bwino. Imakumbukira pamene munalekera kuonera ndipo imakufunsani ngati mukufuna kupitirizira pomwepo. Imaikanso chizindikiro pa zimene mwaonera kale. Amayi anga, amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, amatha kupeza okha vidiyo ya ukwati wa mdzukulu wawo n'kuiyambitsa popanda kuitana aliyense, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni waukulu kuposa wina uliwonse umene ndingapereke.

Pulogalamuyi imagwira pa Windows, Linux, macOS ndi Android, choncho njira yachidule ndi kungoiika pa kompyuta monga pulogalamu ina iliyonse. Ine ndinasankha LibreELEC, mtundu waung'ono kwambiri wa Linux umene unayamba mu 2016, womwe ntchito yake ndi imodzi yokha, yoyendetsa pulogalamu ya Kodi. Umaulemba pa fulashi, n'kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashiyo, ndipo kuika kwake sikutenga nthawi. Ubwino wake ndi wakuti laputopu ikayaka imafikira pa mavidiyo, popanda mawindo ena oti mwana atsegule molakwitsa. Ndichenjeze pano kuti LibreELEC ikamaikidwa imafufuta chilichonse chimene chili pa disiki ya m'kati mwa laputopu, ndiye amene ali ndi makalata kapena zithunzi m'menemo ayambe wazisamutsa.

Ntchito yeniyeni, imene ambiri oyamikira pulogalamuyi saitchula mokwanira, ndi yopatsa mafayilo mayina oyenera. Pulogalamu ya Kodi siidziwa zimene zili m'vidiyo. Imawerenga dzina la fayilo basi, n'kukafunsa pa intaneti, makamaka ku nkhokwe ya The Movie Database, kuti ipeze chithunzi, chaka ndi chidule cha nkhani. Pa filimu, imafuna dzina lenileni lotsatana ndi chaka chimene inatuluka. Pa sewero la zigawo zambiri, imafuna kuti gawo lililonse likhale ndi chizindikiro monga S01E03, kutanthauza gawo lachitatu la chigawo choyamba. Tsono mafayilo amene ambiri tili nawo sali choncho. Ochokera m'foni amakhala ndi mayina a manambala okhaokha, ena analembedwa “new” kapena “part 2” popanda chosonyeza kuti gawo loyamba ndi liti. Mukaipatsa zoterezi, pulogalamuyi imazidumpha kapena imazipatsa chikuto cha filimu ina yosagwirizana nazo n'komwe. Ndinathera masiku awiri athunthu, Loweruka ndi Lamulungu, ndikutsegula fayilo iliyonse, kuona chimene ili, n'kuilemba dzina latsopano. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amagwa ulesi ndi pulogalamuyi amagwera pamenepa.

Mavidiyo a pabanja ali ndi vuto lawolawo, chifukwa palibe nkhokwe ya pa intaneti imene ikudziwa za chinkhoswe cha kwanu. Pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kuwasiya m'mafoda okonzedwa bwino, monga foda ya maukwati, ya kwaya, ya ana kusukulu, n'kumawatsegula kudzera pa gawo la mafayilo. Pulogalamuyi imadzitengera yokha chithunzi chimodzi kuchokera m'vidiyo n'kuchiika ngati chikuto. Njira yachiwiri, imene ine ndinatsata ndipo ndikuilimbikitsa, ndi kulemba kafayilo kakang'ono ka mtundu wa NFO pambali pa vidiyo iliyonse, momwe mumalembamo mutu, chaka ndi mawu ofotokozera, n'kuuza pulogalamuyo kuti pa foda imeneyo izingowerenga zimene zili pa disiki pomwepo osafunsa pa intaneti. Kafayiloka kamalembedwa motsatira dongosolo la XML, kalembedwe ka zizindikiro kamene kompyuta imawerenga, choncho koyamba kamaoneka koopsa, koma ukalemba kamodzi, kotsatira umangokopera n'kusintha mawu. M'menemo ndinalemba m'Chichewa kuti mwambowo unachitikira kuti, ankhoswe anali ndani, ndi achibale ati amene akuoneka m'vidiyomo omwe pano anatisiya. Sindinayembekezere kuti gawo limeneli lidzakhala lamtengo wapatali kuposa ena onse, koma ndimaona ana akuwerenga mawuwo asanayambe kuonera, n'kumafunsa agogo awo za anthu amene sanawaonepo.

Pa nkhani ya mabando a intaneti, pulogalamuyi ndi yosawononga. Imafuna intaneti pamene ikutenga zikuto ndi zidule za mafilimu, ndipo ikazitenga imazisunga. Kuchokera pamenepo zonse zimayenda popanda netiweki. Kwathu laputopuyi imatha milungu ingapo osalumikizidwa ku intaneti, koma palibe chimene chimasowa.

Kumene laputopu yakale imaonetsa ukalamba wake ndi pa mtundu wa mavidiyo. Ambiri akale anapanikizidwa mwa njira ya H.264, imene ngakhale makompyuta a zaka khumi zapitazo amaiwerenga mosavuta chifukwa ali ndi kachipangizo kogwira ntchito imeneyo. Mafoni ambiri atsopano amajambula mwa njira ya H.265, yotchedwanso HEVC, imene imachepetsa kukula kwa fayilo koma imafuna mphamvu zambiri poiwerenga. Mapurosesa a Intel anayamba kuiwerenga mokwanira pa kachipangizo kawo kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi, umene unatuluka mu 2015. Laputopu yanga ndi yakale kuposa pamenepo, choncho vidiyo ya HEVC yaikulu, makamaka ya 4K, imachititsa kuti fani ilire kwambiri ndipo chithunzi chimayenda modukizadukiza. Limeneli si vuto la pulogalamu koma la makina. Ndinalithetsa posandutsa mavidiyo oterowo kukhala H.264 pogwiritsa ntchito HandBrake, pulogalamu inanso yaulere ngati ya Kodi, ngakhale kuti pa makina akale kusandutsako kumatenga maola. Amene akufuna kugula chipangizo chatsopano angaganizire Raspberry Pi 4, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanatuluka mu 2019, komwe kamawerenga HEVC bwinobwino ndipo LibreELEC ili ndi mtundu wake wapadera wa kachipangizoka.

Komabe laputopu ili ndi mwayi umodzi umene ife okhala kumene magetsi amathimathima sitingaupeputse, ndiwo batire. Magetsi akathima TV imazima, koma laputopu ndi hadi disiki yolumikizidwa pa USB zimapitiriza kuyaka, moti umakhala ndi mpata wozizimitsa mwadongosolo. Hadi disiki imene yadulidwa magetsi mwadzidzidzi ikulemba kanthu ikhoza kuwononga mafayilo, ndipo popeza mavidiyo a pabanja sangagulidwenso kwina kulikonse, ndimasunganso kope lachiwiri pa disiki ina imene imakhala kwa mchimwene wanga.

Za rimoti ndiyenera kunena mosabisa kuti apa laputopu imagonja. Raspberry Pi imatha kumvera rimoti ya TV yomweyo kudzera pa chingwe cha HDMI, mwa njira yotchedwa CEC, pamene malaputopu ambiri alibe zimenezi pokhapokha mutagula kachipangizo kowonjezera. Pali pulogalamu ya pa Android yotchedwa Kore, yochokera kwa anthu omwewo a Kodi, imene imasandutsa foni kukhala rimoti ngati foniyo ndi laputopu zili pa Wi-Fi imodzi. Imagwira bwino, koma mwini foni akachoka, nyumba yatsala yopanda rimoti. Pamapeto pake ndinagula kakiyibodi kakang'ono kopanda chingwe, ndipo ndi kamene kamakhala patebulo.

Chimene sindikhutira nacho mpaka lero ndi malo osinthira kagwiridwe ka ntchito ka pulogalamuyi. Ali m'magulu anayi, kuyambira losavuta mpaka la akatswiri, ndipo zinthu zina zofunika zimabisika mpaka utasankha gulu lapamwamba. Munthu watsopano amene mawu sakutuluka pa TV koma pa sipika za laputopu akhoza kuzungulira nthawi yaitali asanapeze posankhira kuti mawu azidutsa pa HDMI. Mawu ogwiritsidwa ntchito m'menemo ndi a anthu odziwa kale za makompyuta. Ndikuona kuti pulogalamuyi ndi yosavuta kwa woonera koma ndi yolemetsa kwa woikonza, ndipo nyumba iliyonse imene ikuifuna iyenera kukhala ndi munthu mmodzi wodekha woti azisamalira mbali imeneyi. Zina zabwino zili momwemo mobisika: mungathe kuchedwetsa kapena kufulumizitsa mawu ngati sakugwirizana ndi milomo ya olankhula, kukweza mawu a vidiyo imene inajambulidwa motsika, ndiponso kutseka mafoda ena ndi nambala yachinsinsi kuti ana asawatsegule.

Pali nkhani ina imene singasiyidwe. Anthu ambiri anamva za pulogalamu ya Kodi kudzera kwa ogulitsa timabokosi amene amalonjeza mpira ndi mafilimu atsopano aulere. Pulogalamuyi payokha ilibe filimu ngakhale imodzi. Chimene ogulitsawo amachita ndi kuwonjezeramo timapulogalamu tolembedwa ndi anthu ena, timene timakoka zinthu kumalo opanda chilolezo. Olemba enieni a pulogalamu ya Kodi amakana timapulogalamu timeneti poyera, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la European Union linagamula, pa mlandu wochokera ku Netherlands, kuti kugulitsa timabokosi toikidwiratu zoterezi ndi kuphwanya lamulo loteteza eni ntchito zaluso. Ine sindinaikemo ngakhale kamodzi. Timapulogalamu timeneti timasiya kugwira ntchito nthawi ina iliyonse, timadya bando, ndipo munthu sudziwa chimene walowetsa m'makina ako. Ndimaganiziranso oimba ndi opanga mafilimu a kwathu kuno, amene ntchito yawo imakopedwa mopanda chifundo. Nyimbo zimene zili pa disiki yanga ndinazichotsa pa ma CD amene ndinagula kapena ndinapatsidwa ndi eni ake.

Amene akufuna kuonera zinthu zake pa foni ali kuntchito kapena paulendo, pulogalamuyi si yake kwenikweni. Ayang'ane Jellyfin, imene inapatuka ku pulogalamu ina yotchedwa Emby mu 2018 ndipo inapangidwira kutumiza mavidiyo kuchokera pa kompyuta imodzi kupita ku zipangizo zambiri. Amene amangoonera fayilo imodzi mwa apo ndi apo, VLC imukwanira. Koma kwa banja limene lili ndi mavidiyo, nyimbo ndi zithunzi zambiri zosungidwa mwachisawawa, ndipo lili ndi TV imodzi imene onse amasonkhanapo madzulo, ndikuilimbikitsa pulogalamu ya Kodi ndi mtima wonse. Ndalama zimene ndinawononga zinali za chingwe cha HDMI, hadi disiki ziwiri ndi kakiyibodi kaja. Panopa ndatsala ndi matepi a VHS asanu ndi awiri a malemu bambo anga amene ndikufunafuna wondisamutsira pa kompyuta, ndipo foda yawo ndinaitsegula kale pa disiki.