Bokosi la zonse pamodzi, sopo wa m'nyumba, kapena kugula chimodzichimodzi: ndalama yotsukira galimoto imathera pati?

Anzanga andifunsa funso ili mpaka ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Njira zogulira zotsukira galimoto zilipo zitatu, zonse ndazigwiritsapo ntchito, ndipo ndineneretu kuti imodzi ndili nayo chakukhosi.

Sopo wa m'nyumba sindichedwa naye. Wotsukira mbale anapangidwa kuti azichotsa mafuta, ndipo ntchito yake amaigwiradi: amakokolola ndi wax, phula lowalitsa ndi kuteteza lija lomwe munavutika kupaka pa penti, mapulasitiki akuda n'kuyamba kutuwa. Kamodzi pa nthawi, makamaka mukafuna kuchotsa wax wakale musanapake watsopano, palibe vuto. Koma sabata ndi sabata ayi. Sopo waufa wochapira zovala ndiye musayerekeze n'komwe, ndi waukali, ndipo timibulu take tosasungunuka timakala penti.

Tsopano bokosi lija, lomwe kunja kwake amajambulapo galimoto yonyezimira ndipo m'kati muli shampu, chotsukira marimu, chopukutira magalasi, chowalitsira dashibodi, siponji ndi kansalu kamodzi. Likakhala pa shelefu limaoneka lotchipa chifukwa diso limawerenga mabotolo. Tawerengani mamililita. Timabotolo tambiri totere timakhala ta 250 kapena 500, ndipo tambiri ndi tosakaniza kale ndi madzi. Ndiye kuti mukulipira madzi, pulasitiki ndi katoni. Zinthuzo sizitheranso limodzi. Shampu imatha msanga, chowalitsira dashibodi chimakhala chaka chathunthu chili chodzaza, koma mukafuna shampu yokha amakuuzani kuti imabwera ndi bokosi lina.

Chomwe chinandiwawa ine si chimenecho ayi. Bokosi lomwe ndinagula linali ndi kachipangizo kopopera thovu, kokongola ndithu, kogwira bwino m'manja. Mankhwala atatha ndinafuna kulumikiza botolo lina, koma mazinga a pakamwa pake sankagwirizana ndi botolo lililonse kupatula la kampani yomweyo. Pa katoni sanalembepo zimenezi paliponse. Botolo lawolo limapezeka poitanitsa pa intaneti basi, ndipo mtengo wotumizira amawerengera kulemera kwake, kutanthauza kuti madzi omwe aja mukuwalipiriranso ulendo. Kachipangizoko ndi nyambo, ndalama yeniyeni amaidyera pa botolo lachiwiri ndi lachitatu. Wina anganene kuti si mabokosi onse ali choncho. Zoona, koma musanagule lililonse lokhala ndi chopopera, tsegulani muone pakamwa pake.

Chowalitsira dashibodi cha silicone chija nachonso n'chachabe kwa ine. Chimakoka fumbi, dzuwa likawomba kuwala kwake kumabwerera pa galasi lakutsogolo, ndipo chikadonthera pa chiwongolero kapena pa chopondera buleki pamaterera.

Njira yachitatu ndi yomwe ndimaikonda: kugula chimodzichimodzi, mankhwala amphamvu osungunula nokha. Masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ya all-purpose cleaner (mankhwala otsukira zinthu zosiyanasiyana) mukaisakaniza 1:10, gawo limodzi la mankhwala pa magawo khumi a madzi, imakupatsani malita 11. Amenewo ndi mabotolo 22 a mamililita 500. Botolo limodzi lomwelo limatsuka mipando yansalu, makapeti, zitseko ndi mapulasitiki, ndipo mukalimbitsa kufika 1:4 limachotsa matope ndi girisi ku matayala. Muyezo weniweni muziona pa botolo lanu chifukwa makampani amasiyana, komanso muyambe mwayesa pamalo pobisika. Shampu ya galimoto nayo imafunika yochepa kwambiri pa ndowa yonse. Ambiri amathira yambiri pofuna thovu lochuluka, chikhalirecho thovu si limene limatsuka, limangochulutsa ntchito yotsukuluza.

Kuipa kwa njira imeneyi n'koti tsiku loyamba thumba limamva kuwawa, ndiponso mumafunika mabotolo opopera opanda kanthu ndi cholembera kuti musasokoneze zamphamvu ndi zofatsa. Kupatula apo sindikuonapo china chachikulu.

Pa fungo, bokosi lapambana, zinthu zawo zimanunkhira bwino. Pa kusavuta, lapambananso.

Koma pali malo amodzi pomwe kuumira kumabweza mtengo kawiri, ndipo ndi pa nsalu. Pamwamba pa penti ya galimoto zamakono pali kachikuto koonekera, clear coat, kokhuthala ma micron pafupifupi 40 mpaka 50, kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Siponji ya m'bokosi ndi yosalala, mchenga ulibe kolowera, umangokhala pakati pa siponjiyo ndi penti inu n'kumazunguliza dzanja. Malaya akale amachitanso chimodzimodzi. Imikani galimoto yakuda padzuwa, muwerame pang'ono muyang'ane boneti: timizere tozungulirazungulira tija sitichoka ndi shampu ya mtundu uliwonse. Timafuna polishi ya makina, yomwe imapala kachikuto komweko, ndipo mtengo wake umaposa zonse zomwe munapulumutsa pogwiritsa ntchito chisanza. Thaulo la microfibre, nsalu ya timaulusi tating'onoting'ono kwambiri, lili ndi ubweya womwe umakokera mchenga m'kati. Sankhani lolemerako, la GSM 300 (magalamu 300 pa sikweya mita imodzi ya nsalu) kapena kuposerapo, lopanda msoko wolimba m'mbali, ndipo kapepala ka dzina kaja kadulenitu. Onjezani ndowa yachiwiri ya madzi okha yotsukuluzira nsalu musanaiviikenso mu shampu. Ndowa imeneyo imateteza penti kuposa botolo lililonse la m'bokosi.

Za wax ndinene mwachidule. Wax wa carnauba, yemwe amachokera ku masamba a mtengo wina wa ku Brazil, amawala mokoma koma pakatha masabata angapo watha. Sealant, yemwe amateteza penti ngati wax koma ndi wopangidwa ku fakitale, amakhala miyezi, ndiye kwa wosunga ndalama nkhani yatha pomwepo. Pa magalasi, pewani mankhwala okhala ndi ammonia ngati munamatitsa tinti, amaiwononga. Pa marimu a aluminiyamu osapaka kanthu, pewani zotsukira za asidi, zimasiya mawanga osachoka.

Mathaulo aja amakhalitsa mukamawachapa paokha, osasakaniza ndi zovala za thonje, opanda mankhwala ofewetsa zovala chifukwa amamata ubweya n'kusiya kumwa madzi, komanso osawaumitsa pa moto wambiri. Lomwe lagwa pansi lisabwererenso pa penti lisanachapidwe, ndipo likakalamba lipititseni ku matayala, likatero ku injini.