Gates of Fire: buku lokumvetsani kulemera kwa chishango cha ku Sparta

Amene anaonera filimu ya 300 ya Zack Snyder angaganize kuti nkhondo ya ku Thermopylae akuidziwa kale, koma buku la Steven Pressfield lotchedwa Gates of Fire, lomwe linasindikizidwa mu 1998, limaifotokoza mogwira mtima kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndi loyenera kuligula. Nkhaniyi inachitika m'chaka cha 480 Khristu asanabadwe, pamene mfumu Leonidas ya mzinda wa Sparta ku Greece, pamodzi ndi amuna ake 300 ndi Agiriki ena, inatchinga kampata ka Thermopylae pakati pa mapiri ndi nyanja kwa masiku atatu, pofuna kuchedwetsa chikhamu cha asilikali a mfumu Xerxes ya ku Persia.

Wolembayu anachita bwino posankha wofotokoza nkhani yemwe si mbadwa ya ku Sparta. Xeones, munthu wongomupeka, ndi wonyamula zida za Dienekes, msilikali wa ku Sparta, ndipo adani atamupeza ali ndi mabala okhaokha pakati pa mitembo, Xerxes akulamula kuti afotokoze mtundu wa anthu amene anamuvutitsa chotere.

Mphamvu yeniyeni ya bukuli ili pa chishango. Mufilimu ija amuna amatuluka pamzere chifuwa chili pamtunda, aliyense n'kumaonetsa luso lake payekha, pamene Agiriki enieni ankamenya nkhondo atathithikana phewa ndi phewa, atavala zisoti zamkuwa, chishango cha munthu aliyense chikutchinjirizanso mnzake wa kumanzere. Pressfield amakumvetsani kulemera kwa thabwa lokutidwa ndi mkuwalo pamkono, thukuta lolowa m'maso m'kati mwa chisoti, ndiponso mapazi oterereka m'matope a magazi pamene a m'mbuyo akukankha a kutsogolo. Mukawerenga za chilango chowawa chimene mnyamata Alexandros akulandira chifukwa chosasamala chishango chake, mumazindikira chifukwa chake kutaya chishango kunali chamanyazi chachikulu ku Sparta kuposa kutaya chisoti. Ndinakondanso kuti bukuli silikuiwala amuna 700 a ku Thespiae, mzinda wina wa ku Greece, amene anakana kuchoka n'kufera pomwepo, anthu amene nthawi zambiri amaphimbika ndi mbiri ya amuna 300 aja.

Komabe pali zimene sizinandikomere. Herodotus, Mgiriki wakale wolemba mbiri, analemba kuti Leonidas anasankha amuna omwe anali ndi ana aamuna amoyo, koma Pressfield amaonjezerapo chifukwa chakechake, chakuti mfumuyo inayang'ana kulimba mtima kwa akazi ndi amayi awo, ndipo wowerenga wosadziwa angachitenge ngati mbiri yeniyeni. Chachikulu ndi nkhani ya ma helot, akapolo amene ankalimira Sparta pomwe eni dzikolo ankangophunzira nkhondo. Bukuli limaikhudza kudzera mwa Rooster, mnyamata wodana ndi ambuye ake, koma chifukwa chokonda kwambiri Sparta, wolembayu amafewetsa nkhanza zimene zinkadyetsa mzindawo, ndipo zimenezi zinandikhumudwitsa m'buku lolembedwa mosamala chonchi.

Bukuli lili m'Chingerezi, lili ndi masamba pafupifupi 400, ndipo muli mawu otukwana a asilikali komanso kukhetsa magazi kochuluka, moti si loyenera ana. Chigawo cha maphunziro a anyamata n'chachitali ndithu, ndipo chimafuna kudekha. Ogula angachite bwino kuliwerenga limodzi ndi buku lachisanu ndi chiwiri la Herodotus, kuti azitha kusiyanitsa zimene zinalembedwa kale ndi zimene Pressfield anapeka.