Mapointi, kiti ya electronic kapena 123ignition: chomwe chatsala mu Beetle yanga

Chimvekereni kuti Beetle yanga inachita kukokedwa kuchokera ku Chikwawa, anzanga a magalimoto akale sakundipumitsa. Funso lawo ndi limodzi: ndichotse mapointi ndiike electronic, kapena ndisiye momwe anasiyira a kufakitale? Mapointi ndi tizitsulo tiwiri tomatseguka ndi kutsekeka m'disitiribyuta, chipangizo chogawa moto ku mapulagi a injini. Kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp kwanditopetsa, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Ndikamba za Beetle ya 1600 ya 12V, ya zija zinkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka mu 1979. Wa Kombi, wa Datsun 1200 ndi wa Peugeot 404 atolapo kanthu, poti nawonso moto wawo umayambira pa mapointi a m'disitiribyuta, kungoti manambala awo akaone m'buku la galimoto yawo.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kusiya mapointi ndi kondensa yake, kachitini kakang'ono koteteza mapointi kuti asapse. Yachiwiri ndi kiti yolowa m'disitiribyuta yanu yomweyo: mumachotsa mapointi, pamalo pake n'kumangapo kamodulo, kenaka n'kuveka mphete ya maginito pa shafuti. Yodziwika kwambiri ndi Ignitor ya Pertronix ya ku America, koma pa intaneti padzaza zina zopanda dzina, zotchipa, zofanana nayo maonekedwe okha. Yachitatu ndi kuzula disitiribyuta yonse n'kuika ya 123ignition ya ku Netherlands, yomwe mkati mwake mulibe masipuling'i kapena tizitsulo tosuntha taimingi, yomwe ndi nthawi imene moto umafika pa mapulagi. Zonse zimawerengedwa ndi kakompyuta kake.

Za mtengo wa pasitolo mukuzidziwa kale: mapointi ndi otchipa, kiti ili pakati, 123 ndi yodula zedi ndipo imafuna foreksi. Za kuliza m'mawa, kiti ndi 123 zimaposako mapointi otha, koma mapointi ochunidwa bwino sasiyana nazo kwenikweni. Za petulo musanamizidwe. Ine sindinaone kusintha kulikonse pa geji.

Nkhani yaikulu ili pa kafedwe kake. Chilichonse mwa zitatuzi chidzafa tsiku lina, koma sizifa mofanana.

Yanga inali kiti yopanda dzina. Wogulitsa ananditsimikizira kuti ukaika umaiwala, mapointi sudzawafunanso. Miyezi yoyambirira inkayendadi bwino. Tsikulo munali mu Okutobala, ndikuchokera ku Nchalo kwa abale, dzuwa lija la ku Shire Valley likuswa mtengo. Nditadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera phiri lopita ku Blantyre, ndinatsitsa giya kulowa yachiwiri, basi injini inangoti zii ngati munthu wazimitsa kiyi. Sinatsokomole, sinabanike, sinachenjeze ngakhale pang'ono. Ndinaibweza pang'onopang'ono mpaka pamalo otakasukako, ndinaika mwala kutayala, n'kutsegula kumbuyo. Nditachotsa eyakilina n'kukoka waya wa akiseleta, petulo anatsira bwinobwino m'kabuleta. Pa terminal 15 ya koyilo, polowera magetsi ochokera ku kiyi, magetsi ankafika. Ndinazula waya wapakati pa kapu ya disitiribyuta, n'kuuyandikiza kuchitsulo cha injini, mnyamata wina wodutsa n'kunditembenuzira kiyi. Moto panalibe, olo kakang'ono.

Makaniko wina wachikulire anabwera pa kabaza wanjinga yamoto, zipangizo zake zili m'kathumba ka saka. Atatsegula kapu n'kuona kamodulo kofiira kaja anangopukusa mutu. "Achimwene, akanakhala mapointi tikanapala ndi sandipepa, mukanafika kwanu kusanade. Ichi n'chomata, ndilibe pogwira." Ananena zoona. Kamodulo ndi kabokosi kotsekeratu. Kakapsa kapsa, palibe chopala, palibe chowongola. Ndalama imene ndinalipira kwa mwini lole wondikoka mpaka ku Blantyre inaposa mtengo wa kitiyo, ndipo aliyense wodziwa makhotakhota a phiri lija akudziwa kuti kukokedwa ndi chingwe pamenepo si masewera. Wogulitsa uja nditamulembera anandiyankha kuti mwina koyilo yanga ndi yolakwika. Ndinaipima: ma ohm atatu ndi pang'ono, momwe zimafunikira. Sanayankhenso.

Tsono taonani mmene mapointi amafera. Kapulasitiki kokhuza pa kamu ya shafuti ya disitiribyuta kamadyeka pang'onopang'ono, mpata wa mapointi n'kumachepa. Mpata ukachepa taimingi imachedwa. Galimoto imayamba ulesi pokwera, m'mawa imatenga nthawi kuti ilire, ukaima pa loboti injini imanjenjemera. Zimenezi zimatenga masabata, ndipo munthu womvera galimoto yake amadziwa msanga kuti nthawi yakwana. Ngakhale zitakupezerani pamsewu, sikuludilaiva ndi fila geji zimakwana. Pa Beetle mpata wake ndi 0.4 mm, ndipo ngati muli ndi mita yopimira dwell (madigiri omwe shafuti imazungulira mapointi ali otsekeka) muzipeza madigiri apakati pa 44 ndi 50. Taimingi mumachuna injini ili chete ndi kababu ka 12V kolumikiza pa terminal 1 ya koyilo, pomwe pamachokera waya wopita ku mapointi: mumatembenuza pule mpaka chizindikiro chilunjike pamsoko wa injini, rota italoza pa silinda yoyamba, mumamasula nati ya 10 mm, n'kumazunguza disitiribyuta pang'onopang'ono mpaka babu litangoyaka. Ntchito yake ndi yomweyo. Makaniko wachikulire aliyense, kaya ku Ndirande kaya ku Mchesi kaya pa trading centre ya kumudzi, anakulira pa zimenezi.

Palinso nkhani ya batire, yomwe ogulitsa satchula. Magalimoto athuwa amakhala m'galaja masabata osayenda, batire n'kufooka. Ya mapointi, batire ikangotsala ndi mphamvu pang'ono, mumaitana ana a pamudzi kudzakankha, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, yalira. Kamodulo kamafuna magetsi okwanira kuti kagwire ntchito, ndiye batire ikatsika kwambiri mutha kukankha mpaka thukuta kamukamu osamva kanthu.

Tibwere ku ndalama zobisika za kiti, poti apa m'pamene "zotchipa" zimathera. Choyamba ndi koyilo. Pa injini ya masilinda anayi kamodulo ka mtundu wamba kamafuna koyilo ya ma ohm osachepera atatu. Bosch yabuluu ija imakwana. Koma ambiri a ife tinagula magalimoto omwe anadutsa m'manja ambiri, ndipo kumbuyoko mumapezeka koyilo yozulidwa pa galimoto ina iliyonse. Ikakhala ya ma ohm ochepa imakoka magetsi ochuluka, kamodulo n'kupsa. Ndiye muwerengere koyilo yatsopano, kapena multimeter yoti mupimire yomwe ilipo. Chachiwiri ndi timing light. Mukangoika kiti taimingi imasuntha, ndipo njira yodalirika yoibwezera ndi kuwalitsa pa pule injini ikulira. Pa injini yozizira ndi mpweya apa si posewerera: taimingi ikapitirira madigiri 32 injini itathamanga, kutentha kumakwera mpaka pisitoni kubooka. Chachitatu ndi msonkho wolowetsera katundu ndi ndalama yotumizira, zomwe pa chithunzi cha pa intaneti sizioneka. Chachinayi ndi kamodulo kachiwiri kosungira, chifukwa mutamva nkhani yangayi simungayende ulendo wautali muli ndi kamodzi. Mukaphatikiza zonsezi, mapointi a zaka zingati mukanagula?

Ndipo kamoduloka sikakhululuka. Waya wofiira umapita pa terminal 15, wakuda pa terminal 1. Mukasinthanitsa n'kutembenuza kiyi, kapsa nthawi yomweyo. Pa Beetle n'kosavuta kusokoneza chifukwa pa 15 pamakhala kale mawaya a choki ndi a kavalavu ka pa kabuleta, ndiye pamadzaza. Mukasiya kiyi ili "on" injini isakulira, mwina mukumvera wailesi kapena mukufufuza vuto la magetsi, kamodulo ka mtundu wamba kamatha kutentha mpaka kufa. Regulator ya jenereta ikayamba kupereka magetsi opitirira muyeso, choyamba kugwa ndi kamodulo. Mapointi nawonso sakondwera mukasiya kiyi, amapsa pamwamba, koma mumapala n'kupitiriza ulendo.

Ndisawakometse mopitirira. Mapointi amafuna manja anu. Pa makilomita 10,000 aliwonse muyenera kutsegula, kuona mpata, kuona taimingi, ndi kupaka kagirisi kochepa kwambiri pa kamu. Mukaiwala girisi kapulasitiki kaja kamatha msanga. Mukachulutsa amathamangira pa mapointi moto n'kusowa. Ine sizindivuta chifukwa tsiku lomwelo ndimakhala ndikuchuna mavalavu pa 0.15 mm injini itazizira, ndiye kumbuyo kumakhala kotsegula kale. Koma ngati simukonda kudetsa manja Loweruka m'mawa, ntchito imeneyi idzakutopetsani, ndipo mwina galimoto yakale si yanu.

Vuto lenileni la mapointi masiku ano ndi kondensa. Zambiri zomwe zikupezeka m'mashopu a masipeyala ndi zosalimba. Ina imafa musanamalize mwezi, ndipo ikamafa imakusokonezani mutu: injini ikatentha imaduladula ngati petulo wachepa, mumaphwasula kabuleta yosalakwa. Mukaona mapointi atsopano apsa msanga, mbali imodzi yakumbika inayo yamera kachitunda, kayikirani kondensa. Ngati yakale ya Bosch yomwe munapeza pa galimoto ikugwirabe ntchito, musaichotse chifukwa chongoti mwagula seti yatsopano. Sinthani mapointi okha, yatsopanoyo muiponye m'bokosi la zipangizo.

Pali malo amodzi pomwe kiti imapambana, ndipo sindingabise. Disitiribyuta ikakalamba shafuti imayamba kugwedera. Mukaigwira ndi zala n'kuikankhira uku ndi uku mumamva kuti ikusewera. Pamenepo mpata wa mapointi umasinthasintha injini ikulira, ndiye olo muchune bwanji taimingi imavinavina. Maginito sakhudza kanthu, choncho kugwedera pang'ono sikuasokoneza kwenikweni. Koma dziwani kuti kiti siikonza china chilichonse. Masipuling'i otopa, tizitsulo tomata ndi dzimbiri, kachitini ka vacuum kobooka, zonsezo zimatsala momwemo. Kawaya kakang'ono koluka ka earth ka pa mbale ya mkati kakaduka, kiti nayo imavuta. Ndipo amene muli ndi disitiribyuta ya Bosch 009 pa kabuleta ya 34 PICT-3, kubanika kuja ponyamuka sikutha ndi kiti. Chifukwa chake n'choti 009 ilibe vacuum. Mankhwala ake ndi disitiribyuta ya vacuum, ya mtundu wotchedwa SVDA.

Apa m'pamene 123ignition imalowera. Mnzathu wina ali nayo pa Kombi yake, ndinayendetsapo, ndipo injini imalira mosalala moti munthu umachita nsanje. Poti ndi disitiribyuta yonse yatsopano, mavuto onse a shafuti ndi masipuling'i amapita limodzi ndi yakale. Ya mtundu wamba ili ndi ka switch kosankhira kayendedwe ka taimingi pakati pa 16 zoikidwiratu, pomwe ya Tune+ mumachuna pa foni kudzera pa Bluetooth. Kwa munthu amene wasintha injini, waika makabuleta awiri kapena kamu ina ya m'injini, ndi chipangizo chabwino zedi. Kwa Beetle wamba yopita kutchalitchi ndi kunyanja pa Khirisimasi, mukulipira zinthu zomwe simudzagwiritsa ntchito. Ndipo funso la pa Thabwa lija likadalipo. Sindinamve kuti ya mnzathuyo inavutapo, koma tsiku lomwe idzavute palibe shopu ya ku Limbe kapena ku Area 2 yomwe mungalowe n'kutuluka ndi ina. Iye mwini amayenda ndi disitiribyuta yakale pansi pa mpando, yokulunga m'nsanza, mapointi ochunidwa kale.

Ndiye ndikuyankheni mwachindunji. Kiti yopanda dzina ayi, olo akupatseni yaulere. Ndikudziwa kuti alipo amene akuyenda nazo zaka popanda vuto, ndipo mwina mkwiyo ukundilankhulitsa, koma ine chinthu chopanda mwini woti n'kumufunsa sindidzaikanso m'galimoto yanga. Ngati mtima wanu uli pa electronic, gulani ya dzina lodziwika kwa wogulitsa wodziwika, pimani koyilo musanamange, onani regulator, pezani timing light, ndipo mapointi, kondensa ndi kasikulu kake zikhale m'kachitini m'galimoto momwemo, osati kunyumba. Ngati disitiribyuta yanu yatheratu ndipo foreksi muli nayo, 123 ndi yabwino kuposa kumanga kiti pa chinthu chakufa.

Yanga ndinaibwezera mapointi sabata yomweyo, ndi kondensa yake yakale ya Bosch. Disitiribyuta ndinaiphwasula yonse, ndinatsuka tizitsulo, ndinadontheza oyilo pang'ono pa kansalu ka pansi pa rota, kachitini ka vacuum ndinakayesa poyamwa payipi ndipo mbale inasuntha n'kugwira. Amene muli ku Blantyre kuno ndipo simunachunepo mapointi, ndiuzeni pa gulu lathu, mubwere nayo Loweruka m'mawa injini isanatenthe kwambiri. Fila geji ndi kababu ndili nazo, inu mungobwera ndi sipanala ya 10.