Ruger Wrangler .22 LR: mfuti yosafuna munthu waphuma

Amene mukufuna mfuti yotetezera pakhomo usiku, ndikuuzireni poyambirira kuti Wrangler si yanu. Koma ngati chimene mukufuna ndi kupita kowombera chandamale Loweruka masana, kuphunzira kugwira mfuti bwino popanda kuboola thumba, ndi kumva m'manja mwanu chinthu chofanana ndi chimene tinkaonera m'mafilimu a makauboyi tili ana, werenganibe. Ndimakhala ku Indiana kuno ku America, ndipo ndakhala nayo nthawi yokwanira kuti utoto wa kukamwa kwa mpope uyambe kuyera chifukwa chokhulana ndi chikopa cha m'chimake.

Kampani ya Ruger inatulutsa mfutiyi mu 2019 pa mtengo wa madola 249, ndipo m'masitolo ambiri inkapezeka motsikirapo. Imalowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi za .22 LR, mpope wake ndi wa mainchesi 4.62, ndipo imalemera ma ounce 30, pafupifupi magalamu 850. Kutchipako sikunachokere kumwamba. Mkulu wake, Single-Six, amene Ruger anayamba kupanga mu 1953, thupi lake ndi la chitsulo, pamene Wrangler thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo chimango cha chogwirira ndi cha zinki. Mpope ndi silinda, chigubu chozungulira cholowamo zipolopolo, anazisiya zachitsulo, poti ndimo mumaphulikira onga. Kunja anapaka Cerakote, utoto wolimba wosawala, ndipo poyamba unali wamitundu itatu: wakuda, wasiliva ndi wofiirira ngati mkuwa wopsa. Yanga ndi yofiirirayo. Sinyezimira ngati mfuti zakale zija, koma thukuta la m'manja silisiyapo dzimbiri, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira.

Kugula kwake kunali kwa masiku onse: kwa wogulitsa wa laisensi, kulemba fomu 4473, kudikira kuti akufufuzeni mu NICS, njira ya boma yofufuzira mbiri ya ogula mfuti. Mfuti ya m'manja wogulitsa wotere sangakupatseni musanakwane zaka 21, ndipo abale amene muli kuno pa viza ya sukulu kapena yoyendera, lamulo lanu ndi losiyana ndi la amene ali ndi green card. Funsani kaye musanaloze n'komwe chala pagalasi la m'sitolo.

Tsopano pa kagwiridwe kake, pamene pagona nkhani yonse. Wrangler ndi mfuti ya single-action, kutanthauza kuti siwomba pokhapokha mutakokera hammer, kanyundo ka pamwamba pa chogwirira, kumbuyo ndi chala chachikulu, chipolopolo chilichonse pachokha. Trigger, kachitsulo kofinya ndi chala powomba, ntchito yake ndi imodzi basi, kumasula hammer ija. Kuika zipolopolo nakonso n'kwa chimodzichimodzi: mumatsegula kachitseko kakumanja, kulowetsa chimodzi, kutembenuza silinda, kulowetsa china. Mukamaliza kuwomba, zigoba sizigwa zokha. Mumatsegulanso kachitseko, kulunjikitsa bowo, n'kukankha kandodo kapansi pa mpope kuti chigoba chituluke, kasanu ndi kamodzi. Woyandikana nanu wa pisitolo yamakono amakhala atamaliza magazini atatu inu mukadali kutokosa. Masiku oyamba zimenezi zimakwiyitsa. Kenako mumazindikira kuti chifukwa chipolopolo chilichonse mwachivutikira, simuchitaya mwachisawawa. Mumapuma, kuyang'anitsitsa, kufinya trigger pang'onopang'ono. Anthu amene ndawaona akuyambira pa mfuti zothamanga amaphunzira kupanga phokoso msanga, kulasa n'kubwera mochedwa. Mfuti iyi imakukakamizani kuyamba ndi kulasa.

Pali kanthu kena ka Wrangler kamene muyenera kukazolowera. Kachitseko kakatseguka, silinda imazungulira momasuka mbali zonse ziwiri, mwakachetechete, osaima yokha pa bowo lililonse. Ubwino wake ndi wakuti mukapitirira bowo mumangobwerera, simuzunguliranso ulendo wonse. Koma zikutanthauzanso kuti zala za dzanja lamanzere ndizo ziyenera kuigwira silindayo kuti bowo lilunjike ndi kandodo. Ine ndimaigoneka mfutiyo m'chikhatho chamanzere, mpope utaloza kuchandamale ndi kukwezeka pang'ono, chala chachikulu ndi chapakati zikutembenuza silinda, dzanja lamanja likukankha kandodo. Zala zikazolowera zimachita zokha.

Za chitetezo chake ndilankhulepo motalikirako, chifukwa pano anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Colt Single Action Army ya 1873, kholo la mfuti zonse zamaonekedwe awa, inali yoti hammer ikatsitsidwa pa bowo lokhala ndi chipolopolo, kugwa pansi kokha kunkatha kuiwombetsa. N'chifukwa chake akale ankaika zisanu zokha: kuika chimodzi, kudumpha bowo limodzi, kuika zinayi, kenako kukoka hammer ndi kuitsitsa pa bowo lopanda kanthu. Mu 1973 Ruger anasintha mfuti zake za mtundu uwu n'kuikamo transfer bar, kachitsulo kamene kamakwera pakati pa hammer ndi kamsomali kogogoda chipolopolo pokhapokha trigger ikakokedwa mpaka kumapeto. Trigger ikapanda kukokedwa, hammer siifika pa kamsomaliko. Wrangler ili ndi kachitsulo kameneka, ndiponso kachitseko kakakhala kotsegula hammer siikokeka. Choncho kuika zisanu ndi chimodzi palibe vuto. Chimene mumataya ndi kulira kuja kanayi kwa Colt pokoka hammer, kumene okonda zakale amakuyamikira kwambiri. Amene mukufuna kulirako pa mtengo wotsika, ambiri amapita ku Heritage Rough Rider, imene ili ndi kachotchinga kotembenuza ndi chala pambali pa hammer. Ine kachotchingako kamandiwonongera maonekedwe, koma imeneyo ndi nkhani ya diso la munthu. Chachikulu n'chakuti mukagwira mfuti ya mnzanu, makamaka ya Uberti kapena Pietta zopangidwa ku Italy motsanzira Colt, musaganize kuti m'kati mwake muli monga mwa yanu. Funsani mwini wake.

Kawombedwe kake ndi kofewa. Chipolopolo cha .22 LR, chimene chakhalapo kuyambira 1887, sichikankha dzanja, ndipo kulemera kwa mfutiyi kumameza kugwedezeka kotsalako. Mayi a kunyumba kwanga, amene sakonda phokoso la mfuti zazikulu, iyi amaiwomba osaphethira. Komabe zotseka m'makutu ndi magalasi musasiye, ndipo chala chisayandikire mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, pamatuluka mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mtovu. Kuchepa kwa chipolopolochi kusakunamizeni, chimapha.

Zolunjikira zake n'zosasunthika: kachitsulo kutsogolo, kamngalande kosemedwa pamwamba pa thupi kumbuyo. Mulibe sikulu yoti mutembenuze. Ndiye dziwani kuti mtundu uliwonse wa zipolopolo umagwera pake. Za ma grain 40 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zothamanga mwachikatikati sizigwera pamodzi ndi za ma grain 36 zothamanga kwambiri, ndipo ntchito yanu ndi kupeza mtundu umene mfuti yanu ikugwirizana nawo n'kukakamira womwewo. Yanga imakonda za 40. Pa mayadi khumi kapena khumi ndi asanu, chitini cha zakumwa sichipulumuka ngati ine ndachita mbali yanga. Patali kuposa apo, maso anga ndi kamngalande kaja zimayamba kukangana. Ndinadontheza utoto woyera wa m'zikhadabo pansonga ya kachitsulo kakutsogolo kuti kazioneka pa chandamale chakuda, ndipo pa zonse zimene ndasintha pa mfutiyi, chimenechi ndicho chotchipa kwambiri komanso chimene chathandiza kwambiri. Ukatha mumangopukuta n'kupakanso.

Pa zipolopolo ndinenepo ichi. Ndinagulapo chibokosi chachikulu chotchipa cha kampani ina, zipolopolo zongothiridwa m'katimo ngati mtedza wa pamsika, zonata ndi phula. Zinkadetsa mabowo a silinda mofulumira moti chigoba chinkafuna kukankha ndi mphamvu, ndipo zina zinkangoti "tchwe" osaphulika. Vuto silinali la mfuti, poti nditasintha mtundu zinatheratu. Chikakana kuphulika, musathamangire kutsegula kachitseko. Mpope ukhalebe kuchandamale, werengani mpaka 30, kenako chitulutseni.

Kusintha chogwirira ndi kumene eni mfuti zimenezi amathera ndalama, ndipo ine sindinapulumuke. Imabwera ndi chapulasitiki chakuda chokhakhala, chimene chimagwira bwino ntchito koma sichisangalatsa maso. Mwayi wake ndi wakuti zogwirira za Single-Six zimalowanso pa Wrangler, ndiye zosankha n'zambirimbiri: zamtengo, zooneka ngati minyanga, zonenepa za anthu a manja akuluakulu. Sikulu ndi imodzi yokha. Zoyamba ndinaitanitsa kwa wogulitsa wina pa intaneti, zokongola pa chithunzi, koma zitafika mbali imodzi inkasiya mpata woti chikhadabo n'kulowa, ndipo m'munsi thabwa linatulukira kupitirira chimango n'kumandikanda m'chikhatho. Ndalama anabweza, koma atandizunguza ndi maimelo. Zachiwiri ndinagula pamaso, nditanyamula mfuti yopanda zipolopolo m'bokosi lake kukayesa pomwepo, za mtengo wofiirira wa mizere yakuda. Zinafunika kupala pang'ono m'kati ndi sandipepa kuti zikhale pansi bwino. Pomanga sikulu musalimbitse mopitirira, thabwa limang'aluka mozungulira bowo. Ndipo gwiritsani sikuludiraiva yokwana ndendende mu mpata wa sikuluyo, chifukwa ya m'kabati ya kukhitchini ikaterereka imasiya chipsera pa mfuti chimene muzichiona moyo wanu wonse.

Amene muli ndi manja aakulu, kachala kakang'ono kadzasowa pokhala. Musadandaule, ndi mmene chogwirira cha mtundu uwu chinapangidwira kuyambira kale. Kapindeni pansi pa chogwiriracho.

Za m'kati ndiye sindinakhudze, ndipo ndikulangizani chimodzimodzi. Mudzamva anthu akunena zoika masipuling'i ofewa kuti hammer izikokeka mosavuta. Pa mfuti ya .357 kapena .45 Colt mwina zili ndi phindu lake, koma chipolopolo cha .22 chimayaka chikamenyedwa m'mphepete mwa chigoba, ndipo chimafuna kumenyedwa kolimba. Mukafewetsa sipuling'i mumagula trigger yokoma ndi zipolopolo zokana kuphulika. Komanso kulipira mmisiri wa mfuti theka la mtengo wa mfuti yeniyeniyo kuti asalaze zam'kati, pa mfuti ya mtengo uwu, ine sindikuona nzeru yake. Kuwomba kokhako kumaisalaza. Yanga lero ndi yofewa kusiyana ndi mmene inatulukira m'bokosi. Ndipo zija za m'mafilimu zogwira trigger n'kumamenya hammer ndi chikhatho mofulumira, zisiyeni m'mafilimu momwemo. Zimawononga tizitsulo totembenuza ndi kuimitsa silinda, ndipo m'malo ambiri owomberako angakutulutseni.

Kutsuka n'kosavuta. Mukatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, tsegulani kachitseko, dinani kabatani ka kutsogolo kwa thupi, sololani msomali umene silinda imazungulirapo, silindayo igwera m'dzanja lanu kumanja. Bulashi m'mabowo onse asanu ndi limodzi ndi mu mpope, kupukuta kumaso kwa silinda kumene kumada ndi utsi, kadontho ka mafuta pa msomali, basi. Mudzaona kamzere kozungulira silinda pakapita nthawi. Si kuwonongeka, ndi pamene kachitsulo koimitsa silinda kamakhudza. Ikatha ntchito imakalowa mu sefa, bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo kwina, poti m'nyumba muno mumabwera ana.

Wina anandifunsa ngati angalowe nayo mipikisano ya Cowboy Action Shooting, ija ya bungwe la SASS limene linayamba mu 1987, kumene anthu amavala zachikauboyi ndi kudzipatsa maina a m'masewero. Kwa akuluakulu yankho ndi ayi: kumafunika mfuti za m'manja ziwiri za zipolopolo zokulirapo, kuwonjezapo rifle ndi shotgun, ndipo .22 amalola ana. Kumeneko mfuti imene mudzaione kwambiri ndi Vaquero, imene Ruger anayamba kupanga mu 1993. Koma poyeserera kukoka hammer, kulunjika ndi kusintha chandamale, Wrangler imakuphunzitsani zomwezo pa mtengo wa zipolopolo wochepa kwambiri poyerekeza ndi .45 Colt.

Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanaima kaye pa Super Wrangler imene inatuluka mu 2023. Thupi lake ndi lachitsulo, mpope wa mainchesi 5.5, zolunjikira zosunthika, ndipo imabwera ndi silinda yachiwiri ya .22 Magnum, chipolopolo chimene Wrangler wamba sichiloledwa. Amene mukufuna kulasa patali kapena maso ayamba kutopa, onjezerani ndalamazo. Amene mukufuna yoti mudzasiyire zidzukulu, sungani mpaka mukwanitse Single-Six. Yanga ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo sindikuigulitsa.

Achimwene ena a ku Lilongwe ataona chithunzi chake pa WhatsApp anandiuza kuti ndiwabweretsere imodzi pa Khirisimasi. Achimwene, mfuti siilowa m'sutikesi ngati nsapato. Kuitulutsa kuno kumafuna chilolezo cha boma la America, kukhala nayo kumudzi kumafuna chilolezo cha apolisi, ndipo ine ndende sindiifuna, ya kuno kapena ya Maula. Mukadzabwera kudzacheza tidzafunse malamulo a alendo kowomberako, mudzaiyese konkuno.