Ndemanga: sikopu ya Burris 2x20 pa volovolo ya Ruger Super Redhawk .44 Magnum

Amene akufuna kuika sikopu, galasi lolozera lokuza zinthu, pa volovolo yosakira asathamangire yokuza zinthu kwambiri. Pa Ruger Super Redhawk ya .44 Magnum, ya mpope wa mainchi 7.5, tayesapo zinthu zitatu pa nyengo ziwiri zosaka agwape ndi nguluwe kuno ku America: Burris 2x20, Burris 2-7x32 (nambala yoyamba ndi mphamvu yokuzira, yomaliza ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita), ndi kadontho kofiira ka Ultradot, cholozera cha batire choonetsa dontho lowala. Yomwe yakhalira pamfutipo ndi 2x20, ndipo itati isowe lero tingagule inzake yangati yomweyo. Chifukwa chake chagona pa kulemera kwake ndi pa mmene diso limapezera chithunzi manja ali otambasula.

Tiyambe ndi pokhala sikopuyo, poti mavuto ambiri amabadwira pamenepo. Super Redhawk idatuluka mu 1987, ndipo adaipanga ali ndi mlenje m'maganizo. Thupi la mfutiyi ndi lochindikala, limapitirira kutsogolo kukakuta tsinde la mpope, ndipo pamwamba pake adasemapo kale mipata yolowetsamo mphete zogwira sikopu. Mphete ziwiri za inchi imodzi zimabwera m'bokosi limodzi ndi mfuti. Simuboola paliponse, simugula kanjanji koikapo mphete, ndiponso zolozera zachitsulo zimakhalabe m'malo mwake. Pansi pa mphete iliyonse pali kachitsulo kotuluka kamene kamalowa m'kabowo kake pamfuti, ndipo ndi kameneka kamaletsa mphete kuyenda mfuti ikalira. Uku ndiye kukoma kwa mfuti imeneyi: pakati pa sikopu ndi thupi la mfuti palibe timasikuluwu ting'onoting'ono toti tingaduke.

Choipa chake n'chakuti mipata ija ili pomwe ili, simungaisunthe. Sikopu iyenera kukhala ndi chubu chokwanira kutsogolo ndi kumbuyo kwa chotupa cha pakati chija pomwe pali zopotera zosinthira polozera, apo ayi mphete idzagunda chotupacho kapena kukamwa kwa sikopu. Burris 2x20 imakhala bwinobwino, ndi kampata kosunthira.

Pomanga, choyamba tsegulani silinda, chozungulira chija cholowamo zipolopolo, muone ndi maso kuti mabowo onse asanu ndi limodzi ndi opanda kanthu. Kenako pukutani mafuta onse ndi sipiliti: m'mipata ya pamfuti, m'kati mwa mphete, pa chubu cha sikopu, ndi pa masikuluwu. Mphete zatsopano zimabwera zodzola mafuta oteteza dzimbiri, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti sikopu yawo ikuterereka adaimanga mafutawo alipo. Ikani zigawo zam'munsi za mphete pamfuti, muzikankhire kutsogolo, kumene kuli kukamwa kwa mpope, musanazilimbitse. Kukankhira kutsogoloku kuli ndi chifukwa. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, pomwe sikopu ndi mphete zake zimafuna kutsala pomwe zinali, ndiye poyerekeza ndi mfutiyo zimakhala ngati zikupita kutsogolo. Mukazigundika kale kutsogoloko zilibenso koti zipite. Mukasiya kampata, zipolopolo zoyamba zidzatseka kampatako, ndipo malo ogwera chipolopolo adzasuntha inu mukuganiza kuti dzanja lanu ndilo lalakwa.

Nati yaikulu ya m'mbali mwa mphete, yomangira mpheteyo pamfuti, imafuna sikuludiraiva ya mlomo wotambalala yokwana ndendende m'mpata wake. Yaing'ono imatafuna chitsulo n'kusiya zipsera.

Mukatero gonekani sikopu, ikani zigawo zam'mwamba, mumange pang'ono chabe. Gwirani mfuti ndi manja awiri monga mmene mudzaigwirire m'tchire, mutavala jekete lomwe mudzavale tsikulo, n'kumasuntha sikopu mpaka chithunzi chidzaze galasi lonse popanda mdima m'mphepete. Kokani hamala ya kumbuyo kwa mfuti ndi chala chachikulu muone ngati chalacho chikudutsa pansi pa sikopu, mutavalanso magolovesi. Wongolani mtanda, mizere iwiri yopingasana yooneka m'sikopu, poyang'ana chingwe cholendewera chomangidwa kamwala kunsi kwake. Ndiye limbitsani masikuluwu mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kuti mpata wa pakati pa zigawo ziwiri za mphete ukhale wofanana kumanzere ndi kumanja. Mphamvu yake ikhale ma inch-pound 15 mpaka 18, yoyezedwa ndi sikuludiraiva yoyeza mphamvu monga Wheeler FAT Wrench. Kumanga mopyola kwambiri pamenepa kungaphwanye chubu. Chubu chikafinyika, zam'kati zimamangika, ndipo mukapota zopotera mtanda umakana kuyenda, kenako n'kudumpha wokha mfuti ikalira.

Kafumbi ka utomoni wouma, kowaza m'kati mwa mphete, kamathandiza kugwira chubu popanda kuwonjezera mphamvu pa masikuluwu. Pomaliza lembani kamzere ndi pensulo pa chubu, mogundana ndi m'mphepete mwa mphete yakutsogolo. Mukawomba zipolopolo 20 kapena 30, kayang'aneni. Kakabisika pansi pa mphete kapena kakatalikira nayo, sikopu ikuyenda.

Apa m'pamene kulemera kumaonekera. Burris 2x20 imalemera magalamu pafupifupi 200, pomwe 2-7x32 imafika cha m'ma 370. Mfuti yokhayo ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Sikopu ikalemera, imakoka mphete mwamphamvu nthawi iliyonse mfuti ikalira, choncho yolemera ndi imene imayamba kuterereka. Pa .44 Magnum mphete ziwiri zomangidwa bwino zimagwira zonse ziwirizi. Pa .454 Casull, yamphamvu kuposa .44 Magnum, nkhani ndi ina, ndipo alenje ambiri a mfuti zotere amaika kanjanji kuti amangepo mphete zitatu.

Tsopano za m'galasimo. Sikopu ya mfuti yaitali imakhala masentimita 8 kapena 10 kuchokera pa diso, koma ya volovolo imakhala kumapeto kwa mikono yanu. Burris 2x20 imapereka chithunzi chathunthu diso lili pakati pa mainchi 10 ndi 24, ndiye kuti masentimita 25 mpaka 61. Wamtali ndi wamfupi yemwe, woimirira ndi wokhala pansi atatsamiritsa zigongono pa mawondo, onse amachipeza. Kuwala kotuluka m'sikopu kumabwera ngati kabwalo, ndipo kukula kwa kabwaloko mumakupeza pogawa kukula kwa galasi lakutsogolo ndi mphamvu yokuzira. Pa 2x20 ndi mamilimita 10. Pa 2-7x32, mukaipotera ku 7, ndi mamilimita osakwana 5, ndipo mtunda wa diso umafupika kufika mainchi 10 mpaka 14. Tangoganizani kufunafuna kabwalo kakang'ono ngati kanjere ka mphodza, mfuti ili m'malere, zigongono zopinda, mtima ukugunda, gwape ali pafupi kulowa m'zitsamba. Galasi limangoda bii, mukasuntha mutu pang'ono lawala, mukapuma lada kachiwiri. Pabenchi, pa thumba la mchenga, 7 ndi yokoma zedi ndipo imaonetsa chomwe mfuti ingachite pa mayadi 100. M'tchire imathera pa 2 kapena 3, ndiye mwanyamula magalamu 170 owonjezera pachabe.

Kukuza kumakuzanso kunjenjemera kwa manja. Mfuti yaitali imatsamira paphewa ndi patsaya, volovolo ilibe potsamira. Pa 2 mtanda umayandama pang'onopang'ono pa phewa la nyama ndipo chala chimafinya tiriga modekha. Pa 6 kapena 7 mtanda umavina, munthu n'kuyamba kuudikirira kuti udutse pamalo pake aukoke msanga, ndipo chipolopolo chimagwera pansi cha kumbali. Nyama yolasidwa m'mimba chifukwa cha zimenezi imakafera kutali movutika, ndipo kwa ife ichi n'chifukwa chokwanira chosankhira sikopu yokuza pang'ono.

Malo amene diso limaona nawonso ndi ofunika. Pa mayadi 100, 2x20 imaonetsa dera la mafiti 21 m'lifupi, pang'ono kupitirira mamita 6. Leupold FX-II 4x28, yomwe ndi sikopu yabwino komanso yopepuka, imaonetsa mafiti 9 okha pa mtunda womwewo. Nguluwe ikatulukira pa mayadi 25, mwa 4x mumangoona ubweya osadziwa kuti ndi phewa kapena ntchafu.

Sitinganene kuti 2x20 ilibe pofooka. Pa mayadi 100 chandamale chaching'ono chimaoneka chaching'onobe, ndipo mizere ya mtanda imaphimba gawo lake. Kukamachita chisisira, m'nkhalango yowirira, mtanda wakuda umasowa pa thupi lakuda la nguluwe ngakhale nyamayo ikuonekabe. Ndiponso woyamba kumene amafunika masiku angapo akuzolowera kukweza mfuti. Njira yake ndi iyi: maso onse awiri akhale otsegula ndipo akhazikike pa chandamale, mfuti ndiyo ibwere pakati pa diso ndi chandamalecho. Mukatsitsa mutu kukafuna sikopu simuipeza. Kuchita zimenezi kakhumi kapena kupitirira madzulo alionse, ndi mfuti yopanda zipolopolo, kumathetsa vutoli.

Poikonza kuti ilase polunjika, kumbukirani kuti volovolo simungasuzumire mumpope kuchokera kumbuyo monga mfuti yaitali. Yambani pa mayadi 15 ndi chipepala chachikulu, kenako 25, kenako 50. Werengani pa chopotera kuti kulira kwake kumodzi, mukachipota, kumasuntha mtanda mochuluka bwanji. Ngati ndi kota ya MOA (MOA imodzi ndi pafupifupi inchi imodzi pa mayadi 100), pa mayadi 25 pamafunika kulira ka 16 kuti chipolopolo chisunthe inchi imodzi, ndiye musadabwe kuti mwapota kanayi koma palibe chasintha. Ndi chipolopolo cholemera ma grain 240, mukaikonza pa mayadi 50, pa mayadi 100 chimagwera masentimita 10 mpaka 13 pansi pa mtanda. Musagoneke mpope pa chinthu cholimba. Tsamiritsani kutsogolo kwa thupi la mfuti kapena manja anu pa thumba, ndipo tsinde la chogwirira lisagunde benchi. Volovolo imayamba kudzuka chipolopolo chisanatuluke mumpope, choncho mukaigwira molimba lero, mawa mofewa, zipolopolo zidzafola mzere wokwera ndi wotsika. Pa chifukwa chomwechi zipolopolo zolemera, monga za ma grain 300, zimagwera m'mwamba pa mtunda waufupi, popeza zimachedwa kutuluka. Mukasintha zipolopolo, konzaninso sikopu.

Kadontho kofiira ka Ultradot n'kamene kamapikisana ndi 2x20, ndipo kwa amene amasaka m'nkhalango osapyola mayadi 60 kapena 75 mwina n'kabwino kuposa. Sikakuza chilichonse, diso likhoza kukhala pa mtunda uliwonse, ndipo pa chisisira kamawala pa thupi la nguluwe pomwe mtanda wasowa. Dontho lake ndi la 4 MOA, lomwe pa mayadi 50 limaphimba masentimita 5 ndipo pa mayadi 100 pafupifupi 10. Chenjerani pogula: kalipo ka chubu cha inchi imodzi, kamene kamalowa m'mphete zobwera ndi mfuti, ndi ka mamilimita 30, kamene kamafuna mphete zina zogula padera. Musakayatse mowala kwambiri, dontho limafufuma n'kuphimba malo olasa. Batire lake ndi CR2032, ndipo lina lapadera lizikhala m'thumba, makamaka m'nyengo ya chisanu. Amene maso awo amaona magetsi a usiku ngati nyenyezi yothothoka ayambe asuzumiramo m'sitolo, chifukwa dontholi adzalionanso lopakika. Timadontho tina tomwe tili ndi galasi loonekera poyera, monga Burris FastFire ndi Trijicon RMR, n'topepuka kwambiri, koma dontho la mvula kapena chipale likagwera pomwe kuwala kumatulukira chithunzi chimasokonekera, ndipo pa Super Redhawk timafuna kambale kapadera kokhalapo.

Amene ali ndi volovolo ya Smith & Wesson 629 njira yawo ndi yosiyana. Zatsopanozi zili ndi mabowo atatu pansi pa cholozera chakumbuyo, ndiye mumachotsa cholozeracho n'kumangapo kanjanji, monga ka Weigand. Pa masikuluwu a kanjanjika pakani Loctite yabuluu, 242 kapena 243, osati yofiira, yomwe imafuna moto kuti imasuke. Mukamanga, pisani chala pansi pa denga la thupi la mfuti. Sikuluwu ikatalika imatulukira pamenepo n'kumakhula silinda kapena kuimanga kuti isazungulire. Ndipo dziwani kuti cholozera chachitsulo mwachitaya. Pa Ruger, sikopu ikasweka muli kutchire, mumamasula manati awiri aja n'kupitiriza ndi zachitsulo, bola mudazikonzeratu kuti zilase pa mayadi 50 musanaike sikopu.

Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata komwe moto ndi mpweya wotentha zimatulukira cham'mbali. Chala chisapezeke pamenepo, ndipo thumba la mchenga liphimbeni ndi chikopa chakale chifukwa limapserera. Utsi womwewo umasiya mwaye pansi pa chubu ndi pa galasi lakutsogolo. Musaupukute ndi malaya, muli tinthu tokanda. Uzirani kaye, pukutani ndi burashi yofewa, kenako kansalu ka magalasi konyowetsa ndi madzi ake. Pomaliza, volovolo ya sikopu siikwana m'chikwama cha m'chiuno. Imafuna chikwama cha pachifuwa chosokedwera mfuti ya sikopu, chokhala ndi chophimba galasi lakumbuyo, ndipo mtengo wake muuwerengere limodzi ndi wa sikopuyo pokonza ndalama.